Ulendo wa ku Mbombwe ndi mkangano wa pa Zalewa

Tinanyamuka pa Lizulu kusanache, anthu 14 a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, titanyamula thumba la mbatata ya kachewere lokapatsa otilandira. Pa Chingeni tayala linaphulika, jeke osaoneka. Abambo anachita kutukula minibasi ndi mtengo ndi miyala, a Tcheya ali poteropo kulamula atakumbatira fulasiki yawo ija. Amene munalipo mukudziwa kuti tiyi wake palibe anamulawa.

Ku mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anatilandira bwino. Anatifotokozera za John Chilembwe, za thangata m'minda ya Bruce ku Magomero komwe munthu ankalima ulele kuti asathamangitsidwe pamalo, za kalata yake ya mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu, mpaka kuukira kwa pa 23 Januwale 1915.

Koma zenizeni zinachitika pobwerera, tikudya chimanga chootcha pa Zalewa. Aphunzitsi a Sitandade 7 anati zimenezi azikaphunzitsa mosabisa. Mayi Msungichuma anakana: "Aphunzitsi, musatokose zilonda zakale. Ana adzayamba kuda azungu, chonsecho mjigo wa pasukulu anatikumbira ndi iwowo."

Agogo ena a m'gulu lathu, amene sanayankhule chichokere ku Lizulu, anaika chitsononkho pansi. "Mwana wanga, ine ndinaona bambo anga, munthu wa imvi, akuvula chipewa chifukwa cha kamnyamata kachizungu. Ndinkayesa ndi mmene Mulungu analengera. Palibe anandiuza kuti n'kulakwa." Tonse tinangoti zii.

Ine ndili mbali ya agogo. Ana athu amamuona Chilembwe pa K2000, amapuma pa 15 Januwale, koma afunseni chimene anafera. Ngakhale za kwathu konkuno, kuti Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni, anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, kuti Gomani Wachiwiri anam'chotsa paufumu mu 1953 atakana chitaganya, ambiri sazidziwa. Mwana wosauzidwa chimene chinkavulitsa agogo ake chipewa amadzayesa kuti khungu lake ndilo vuto.

Tinagwirizana kuti teremu ikubwerayi Sitandade 7 ipite ku Nkolimbo, kumanda a Gomani Chikuse. Mayi Msungichuma sanavomerebe, koma ati ndalama ya galimoto atulutsa.

Zikomo a dalaivala potifikitsa amoyo, zikomo amayi a mandasi. A Mlembi, chitenje chimene munabwereka choyala pokonza tayala chija mwini wake akuchifuna chochapa.