Ku Mbuzini, paphiri pamene panagwera ndege ya Samora Machel

Kuchokera ku Johannesburg mumatsata msewu wa N12 kenako wa N4 kulowera kum'mawa, kudutsa Mbombela ndi Malelane. Mukayandikira Komatipoort mumakhotera kum'mwera, m'minda ya nzimbe yosatha, mpaka msewu utayamba kukwera mapiri a Lebombo. Mudzi wa Mbuzini uli pakona pamene South Africa, Mozambique ndi Eswatini amayandikana, ndipo anthu ake ambiri amalankhula Chiswati.

Pamwamba pa phiri paima mapaipi achitsulo 35, limodzi kwa munthu aliyense amene anafa ndege ya Tupolev imene inanyamula pulezidenti wa Mozambique, Samora Machel, itagwa usiku wa pa 19 October 1986, ikuchokera ku msonkhano wa ku Mbala m'dziko la Zambia. Mphepo ikawomba, mapaipiwo amalira. Chipilalachi anakonza ndi José Forjaz, ndipo anatsegulira ndi Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano mu 1999. Zidutswa za ndegeyo zilipo ndithu. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali.

Chimene ndinachiona n'chakuti malowa amakamba kwambiri za imfa ya Samora, koma za ulamuliro wake munthu uyenera kubwera nazo wekha. Anabadwira ku Chilembene m'chigawo cha Gaza mu 1933, ndipo anali namwino pachipatala ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, asanathawire ku Tanzania kukalowa FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, mu 1963. Zausilikali anakaphunzira ku Algeria. Mtsogoleri wa FRELIMO, Eduardo Mondlane, ataphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi mu 1969, utsogoleri unagwera iye chaka chotsatira, ndipo pa 25 June 1975 anakhala pulezidenti woyamba wa Mozambique. Mu 1977 chipani chinalengeza kuti chikutsata Marx ndi Lenin.

Boma linatenga malo, masukulu, zipatala ndi nyumba za lendi. Katemera ndi sukulu za kwacha zinafika kumidzi kumene Apwitikizi sankakulabadira, ndipo zimenezo palibe angam'lande. Koma boma lomwelo linasonkhanitsa alimi m'midzi ya pamodzi ngakhale ena asakufuna, linachotsa mafumu mphamvu, ndipo mu 1983 linatola anthu m'matauni amene linkawatcha osagwira ntchito n'kukawasiya ku Niassa, tsidya lina la nyanja yathu. Kumenekonso kunali misasa yoti "yophunzitsanso" anthu, ndipo ena sanabwerereko. RENAMO, gulu limene linkamenya nkhondo ndi bomalo, inakhazikitsidwa ndi Rhodesia (Zimbabwe wa lero) n'kuleredwa ndi boma la tsankho la South Africa, koma mkwiyo wa kumidzi unaipatsa poyambira.

Wosonyeza alendo atandifunsa kwathu, ndinati Malawi, ndipo anangogwedeza mutu n'kumwetulira. Kaya amaganiza chiyani. Ine ndinakumbukira kuti mu September 1986, mwezi umodzi ngoziyo isanachitike, Samora anabwera ku Blantyre ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula Kamuzu Banda kuti akulola RENAMO kudzera m'dziko lathu. Atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana Malawi. Boma la Kamuzu linakana mlanduwo. Nkhondo itakula, anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi anadzaza Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi maboma ena a m'malire, ndipo amene anakulira kumeneko amakumbukira ufa ndi nandolo wa m'misasa.

Potsika ndinaima ku Komatipoort. Pafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje wa Nkomati, mpamene mu March 1984 Samora anasainirana pangano ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa: Mozambique isiye kusunga asilikali a ANC, South Africa isiye kuthandiza RENAMO. Iye anasunga mbali yake, anzakewo ayi.

Za ngoziyo anthu sanagwirizanebe. Komiti ya jaji Cecil Margo, imene South Africa inakhazikitsa kuti ifufuze ngoziyo, inaloza chala oyendetsa ndege, pamene Soviet Union inati ndegeyo inasocheretsedwa ndi chizindikiro chabodza cha wailesi. Amene ndinacheza nawo ku Mbuzini, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira Margo.