Mmene timafukulira munthu wokwiririka ndi chigumukire cha chipale chofewa

Munthu akakwiririka ndi chigumukire cha chipale chofewa, chimene chimamupha kawirikawiri si kuzizira ayi, koma kubanika. Mwa anthu 10 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, pafupifupi 9 amapezeka amoyo. Pofika mphindi 35, amoyo amatsala atatu okha. Zonse zimene ndimachita ndi gulu langa lopulumutsa anthu zimatsatira mphindi zimenezi.

Tisananyamuke ndimawerenga chenjezo la chigumukire la tsikulo, lomwe limayambira pa 1 kulekeza pa 5, kenako ndimaona zida. Aliyense akhale ndi ndodo yofufuzira yosachepera masentimita 240, fosholo yachitsulo, ndi transceiver, kachipangizo kotumiza ndi kulandira siginolo pa 457 kHz, kothandiza kupeza wokwiririka amene wavalanso kake. Fosholo yapulasitiki ndimaikana, chifukwa chipale chikagumuka n'kuima chimalimba gwa ngati konkire. Transceiver ivalidwe mkati mwa jekete, osati m'chikwama chimene chingathothoke kumsana, ndipo ndimayesa ya munthu aliyense payekhapayekha. Foni ndi wailesi zimasokoneza siginolo: zitalikirane ndi transceiver masentimita 20 ikamatumiza, 50 ikamafufuza.

Tikafika pamalo, palibe wolowa ndisanayang'ane kumtunda. Malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 ndi amene amagumuka kwambiri, ndipo chipale chotsalira chikhoza kutsika pa ife. Ndimaika mlonda ndi wenzulo, tigwirizane kothawira, kenako onse asinthe ma transceiver awo kuti ayambe kufufuza. Mmodzi akaiwala, ofufuza amangolondola mnzawo woyendayo, nthawi n'kumapita.

Amene anaona ngoziyo ndimawafunsa ziwiri: akwiririka angati, nanga anawaona komaliza pati? Pamenepo ndimazika chizindikiro, ndipo timafufuza kuyambira apo kutsikira kumunsi, m'mizere yotalikirana mamita pafupifupi 40. Maso asangokhala pa kachipangizo. Gulovu yoonekera pamwamba ikhoza kukhala ndi dzanja mkati.

Siginolo ikagwira ndimatsata muvi wa pa kachipangizo mothamanga, koma manambala oonetsa mtunda akatsika kufika mamita atatu ndimagwada. Kachipangizo kayende pafupi ndi chipale, kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, osakatembenuza, mpaka nditapeza nambala yotsikitsitsa. Pamenepo ndimabaya ndodo molunjika kumene chipale chayang'ana, osati mopendeka, ndipo ndikaphonya ndimazungulira ndikutalikitsa mabowo masentimita 25. Mwala umagogoda, thupi la munthu limamveka lofewa, lobweza pang'ono. Ndodo ikagunda, isazulidwe.

Kukumba ndi kumene kumadya nthawi yambiri, ndipo ndi kumene magulu saphunzira mokwanira. Munthu amene ali mita imodzi pansi amafuna kuti muchotse chipale choposa tani imodzi. Musakumbe pamwamba pake penipeni: mumamupondereza, mumaphwanya kamphako ka mpweya kamene kali pankhope pake, ndipo dzenje limasanduka chitsime chovuta kutayira chipale kunja. Ine ndimatsika kumunsi kwa ndodo, mtunda wa kuya kwake kamodzi ndi theka. Akakhala mita imodzi pansi, ndimayambira mita imodzi ndi theka, n'kumakumba cholowera kwa iye. Wakutsogolo amadula zibuma, akumbuyo amakokolola chotsitsa, osanyamula. Timasinthana mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, munthu asanatope, chifukwa wotopa savomera kuti watopa.

Tikamufika, choyamba ndi nkhope. Ndimaona ngati m'kamwa ndi m'mphuno muli chipale, komanso ngati panali mpata wa mpweya, ndipo ndimalemba pamodzi ndi nthawi imene wakhala pansi, poti achipatala amadalira zimenezi. Ngati sakupuma, ndimachotsa chotsekacho, kumupumira kasanu, n'kuyamba CPR, kumutsindika pachifuwa mobwerezabwereza ndi kumupumira mpweya. Wopitirira mphindi 60 amakhala atazizidwa kwambiri. Ameneyu anyamulidwe chogona, mwapang'onopang'ono, chifukwa kumugwedeza kukhoza kuimitsa mtima. Timamufunditsa, pansi pomwe, ndi kuzimitsa transceiver yake kuti isasokoneze kufufuza ena.

Wokwiririka akakhala wopanda transceiver, timadalira galu, makina a RECCO (ofufuza kachizindikiro kosokeredwa m'zovala zina), ndi mzere wa anthu obaya ndodo phewa ndi phewa. Njira ya mzereyi ndi yochedwa kwambiri, choncho ndimaiyambira pamene chipale chaunjikana: kumunsi kwa chigumukire, pokhota, ndi kumtunda kwa mitengo ndi miyala.