Kachizindikiro kofiira pafupi ndi Cabo Verde

Mawu a alamu akundizungulirabe m'mutu. Ndaona kuti bola ndiwalembe, mwina tulo tibwera.

Anandipeza madzulo ndili duu, maso pafoni. Nthawi ino ya chaka ndimakonda kutsegula mapu a National Hurricane Center, likulu la ku Miami, ku America, lomwe limalondola anamondwe a m'nyanja ya Atlantic. Nyengo yawo imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, koma Ogasiti ndi Seputembala ndiye miyezi yoopsa. Lero pamapupo pali kachizindikiro ka X kumwera kwa zilumba za Cabo Verde. Dzana kanali kachikasu, dzulo kalalanje, lero kafiira, kusonyeza kuti n'kutheka kwambiri kuti pabadwa namondwe. Dzina kulibe. Ndi mitambo chabe yochokera kumadzulo kwa Africa, koma anamondwe ambiri oopsa amayamba chonchi.

"Alamu, mukuona chiyani chakugwirani mtima chonchi?"

Ndinawaonetsa. Ndinawafotokozera mwachangu, chifukwa nkhaniyi imandikoma. Ndinati madzi a pamwamba panyanja akafunda kufika madigiri 26 kapena 27, mitambo yotereyi imapeza chakudya chake. Ndinawauza za masetilaiti omwe amajambula usana ndi usiku, za ndege za Hurricane Hunters zomwe zimalowa dala mpaka m'diso la namondwe, pakatikati pake penipeni, n'kumaponya tizipangizo toyeza mphepo, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya. Ndinati namondwe akangopatsidwa dzina, uthenga watsopano umatuluka maola 6 alionse, ndi mapu oonetsa komwe angadutse m'masiku 5 akubwera.

Anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu. Kenako anati:

"Ndiye ngati amamuona akadali kutali chonchi, anthu amafa bwanji? Kumeneko n'kusamva basi, alamu. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Mtima unandiwawa pomwepo. Sanalankhule mwankhanza ayi, alamu ndi munthu wachifundo. Chomwe chinandibaya n'chakuti ndine ndinawafikitsa pamenepo. Ndinatamanda makina mpaka zinamveka ngati chenjezo likatuluka nkhani yatha.

Ndinawatchulira namondwe Katrina. Pa 29 Ogasiti 2005 anafika kugombe la Louisiana ku America, ndipo akatswiri anali atauza dziko lonse komwe akulowera. Koma mumzinda wa New Orleans pafupifupi banja limodzi mwa anayi alionse linalibe galimoto. Makoma otchinga madzi atagumuka, pafupifupi 80 peresenti ya mzindawo inamira. Anthu oposa 1,300 anafa, ndipo ku Louisiana pafupifupi theka la omwalirawo anali a zaka 75 kupita m'mwamba. Ndinawafunsa kuti agogo oyenda ndi ndodo, omwe ana awo ali kutali, tiwatche osamva?

"Munthu akaona moto ukubwera sadikira galimoto, alamu. Amaliyatsa ndi miyendo."

"Nanga pachilumba athawire kuti?"

Apa anakhala kaye chete. Ndinawauza za chilumba cha Barbuda ku Caribbean, komwe namondwe Irma anaphwasula pafupifupi nyumba zonse mu 2017 mpaka anthu onse a pachilumbacho anasamutsidwira ku Antigua. Ndinawauzanso za Dorian, yemwe anagwera ku Abaco, m'zilumba za Bahamas, pa 1 Seputembala 2019 ndi mphepo ya liwiro la makilomita 295 pa ola, kenako n'kukaima pa Grand Bahama tsiku lathunthu osasuntha. Ku Marsh Harbour, tauni ya ku Abaco, kunali dera lotchedwa The Mudd, la nyumba za matabwa ndi malata, komwe kunkakhala anthu ambiri ochokera ku Haiti. Linaseseka lonse. Anthu amenewo chenjezo analimva ngati wina aliyense.

Anangoti, "Chabwino, koma ena ndi makani ndithu." Foni yawo inalira, anatuluka kukayankha, ndipo atabwerako tinayamba zina. Nkhaniyo inathera m'malere.

Tsopano pakati pa usiku ndi pomwe mayankho akubwera, iwo atapita kale.

Ndikanawaonetsa bwino mapu aja. Pamakhala chithunzi chonga nyanga ya ng'ombe, chosongoka pomwe pali namondwe, chotambalala kutsogolo. Anthu ambiri amaganiza kuti nyangayo ikuonetsa kukula kwa namondwe, ndiye amene ali kunja kwake amati apulumuka. Chonsecho ikungoonetsa malo omwe diso lingadutse, ndipo amaijambula potengera mmene akatswiri akhala akuphonyera m'zaka 5 zapitazi. Diso limakhala mkati mwa nyangayo pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse. Kachitatuko limatuluka. Mvula ndi mafunde zilibenso nazo ntchito mizere imeneyi. Mu Seputembala 2022 maso a anthu ambiri anali pa mzinda wa Tampa ku Florida pomwe namondwe Ian ankabwera, koma anakagwera kummwera, kufupi ndi Fort Myers, dera lomwe linali m'mphepete mwa nyangayo. Munthu angathe kumvera ndi mtima wonse koma chithunzicho n'kuchimva molakwika.

Palinso nambala ija ya 1 mpaka 5, ya muyezo wa Saffir-Simpson. Imandivutitsa maganizo kwambiri. Imayeza mphepo yokha: gawo loyamba limayambira pa makilomita 119 pa ola, lachitatu pa 178, lachisanu pa 252. Siinena kanthu za madzi, pomwe madziwo ndiwo amapha. Ku America, pakati pa 1963 ndi 2012, mwa anthu 10 alionse ophedwa ndi anamondwe, pafupifupi 9 anafa ndi madzi. Katrina yemwe uja anali pagawo 5 ali pakati panyanja, n'kutsika kufika pa 3 pofika kumtunda. Womva pawailesi kuti wafooka akhoza kupumira m'mwamba. Koma nyanja yomwe anali ataikankha kale sinabwerere, kugombe la Mississippi inakwera mamita oposa 8. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani yathunthu. Ndimayesa kuganiza khoma la nyumba likulandira zimenezo mobwerezabwereza, mumdima, magetsi atazima.

Ndipo masiku 5 aja sakhalapo nthawi zonse. Otis, mu Okutobala 2023, anali mphepo yamkuntho wamba yomwe makompyuta ambiri sanaiwerengere. M'tsiku limodzi lokha anakula kufika pagawo 5 n'kugwera pa mzinda wa Acapulco ku Mexico usiku wa pa 25. Asodzi ndi ogwira ntchito m'maboti ambiri anali m'madzi kulondera maboti awo. Amenewo anakana chenjezo liti?

Komabe sindikufuna kunama, alamu sanalakwe zonse. Alipo amene amatha kuchoka koma amatsala. Kungoti ndikaganiza chifukwa chake, mawu oti makani amandichepera. Munthu anathawa chaka chatha, anawononga ndalama panjira ndi pogona, namondwe n'kukhotera kwina. Wina akuopa akuba. Wina boti lake ndilo moyo wa banja lonse. Wina ali ndi wodwala yemwe sangakhale maola 10 mumsewu wothithikana. Chenjezo limafika kwa onse mofanana, pafoni ya wolemera ndi ya wosauka, koma mphamvu zochokera pamalopo sizifanana.

Chinanso chikundisowetsa mtendere ndi ine ndemwe. Zithunzi za setilaiti zija n'zokongola, mitambo yoyera mbee ikuzungulira mwadongosolo, diso lili bwinobwino pakati. Ndimatha kuziyang'ana nthawi yaitali. Namondwe akalowa kumtunda n'kuphwasuka, uthenga womaliza umatuluka, mapu amayera, ine n'kutseka foni. Anthu a kugombe ndi pomwe mavuto awo akuyamba. Maria atadutsa ku Puerto Rico pa 20 Seputembala 2017, boma linkati anafa ndi anthu 64. Patatha pafupifupi chaka, kafukufuku wa George Washington University atatuluka, chiwerengerocho chinasinthidwa kukhala 2,975. Ambiri mwa amenewa sanafe tsiku la mphepo. Anafa m'masabata ndi miyezi yotsatira, magetsi kulibe, mankhwala osafika, misewu itatsekeka. Madera ena anadikira magetsi pafupifupi miyezi 11. Palibe ndege yomwe inkalondola zimenezo maola 6 alionse. Ineyo sindikukumbuka kuti ndinafufuzako za Puerto Rico mwezi wa Disembala chaka chimenecho, ndipo zimenezi zikundimvetsa chisoni usiku uno kuposa mawu a alamu.

Bungwe la World Meteorological Organization limachotsa dzina la namondwe wopha anthu ambiri pamndandanda womwe umabwerezedwa zaka 6 zilizonse. Katrina, Irma, Maria, Dorian, Ian, Otis, onsewa sadzamvekanso. Amatero polemekeza ofedwa. Ndimadzifunsa ngati mayi wa ku The Mudd anamva n'komwe kuti dzinalo linachotsedwa, komanso kuti lero akukhala kuti.

Ndinaganiza zowalembera alamu uthenga, ndinayamba, kenako ndinafufuta. Unatalika kwambiri ndipo unkamveka ngati ndikuwakalipira. Mwina ndidikira abwerenso, ndiwaonetse nyanga ija pang'onopang'ono, ndiwafunse kuti iwo akanakhala m'mphepete mwake akanatani. Sindikudziwa kuti ineyo ndikanatani. Ndimakonda kuganiza kuti ndikanachoka msanga, koma sindinayambe ndasiyapo nyumba ndi zonse zili momo chifukwa cha chithunzi cha pafoni.

Ndatsegulanso mapu aja posachedwapa. Ka X kaja kakadali kofiira, kasunthira pang'ono kumadzulo. Kutsogolo kwake kuli nyanja yokhayokha kwa masiku angapo, kenako tizilumba tating'ono ta Caribbean tili ndandanda, Dominica, Guadeloupe, Antigua. Kumeneko dzuwa likulowa kumene. Mwina kakhotera kumpoto n'kukathera m'madzi ozizira, ambiri amatero. Uthenga wina utuluka ine ndili mtulo, ngati tulo take tibwere.