Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Bangwe Wanga pa Yunivesite ya Rhodes

M'gawo lapitali ndinalekezera pa kalata imene inandipeza kwathu ku Nsanje, yondiitana kuti ndikakhale kwa miyezi ingapo pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa monga mlendo waluso. Ndondomeko yotereyi imapezeka m'mayunivesite ambiri: amaitana woimba, wosema, wojambula kapena mlembi, namupatsa pogona, chakudya, ndalama zochepa ndi malo ogwirira ntchito, kuti apitirize luso lake ophunzira akumuona, kumufunsa ndi kugwira naye ntchitoyo. Mlendoyo salemba mayeso ndipo sachonga mayeso a wina aliyense.

Ndinakwera ndege mpaka ku Johannesburg, kenako ku Port Elizabeth, ndipo kuchokera kumeneko galimoto inanditengera ku tauni imene panthawiyo inkatchedwabe Grahamstown, pakuti dzina la Makhanda linabwera mu 2018. Za kuzizira kwa kumeneko sindinenapo zambiri, koma aliyense wokulira m'chigwa cha Shire angamvetse chifukwa chimene ndinkayambira kuotha zala ndisanakhudze nsambo.

Malo anga ogwirira ntchito anali ku International Library of African Music, imene anthu amangoitchula kuti ILAM. Anaikhazikitsa ndi Hugh Tracey mu 1954, ndipo inasamukira ku Rhodes mu 1978, iye atamwalira chaka cha 1977, mwana wake Andrew Tracey ndi amene anaitsogolera kwa zaka zambiri pambuyo pake. Hugh Tracey anayenda m'dziko lathu likadali Nyasaland, m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, akujambula nyimbo m'midzi. Pa mlungu woyamba anandikhazika pansi, nandipatsa mahedifoni kuti ndimvere zina mwa nyimbozo, ndipo ndinamva bangwe wokungidwa ndendende monga ankakungira malume anga amene anandiphunzitsa. Ndinapempha kuti nyimbo ina aibwereze kangapo, chifukwa woimbayo ankatseka nsambo ndi zala zakumanzere mwa njira imene ndinali nditaiwona ndili mwana koma sindinaigwiritsepo.

Ntchito yeniyeni inali ndi ophunzira a maphunziro a nyimbo. Tinagwirizana ndi aphunzitsi awo kuti aliyense adzipangire bangwe wake asanaphunzire kuimba. Tinasema matabwa, tinaboola mabowo, tinalowetsa waya mmodzi wautali wopita uku ndi uku mpaka nsambo zisanu ndi ziwiri zitakwana, kenako tinaika timitengo tokweza nsambozo ndi chitini chokuzira mawu. Mpaka apo zonse zinkayenda bwino. Vuto linabuka pokunga. Anawa anakula ndi piyano ndi gitala, choncho makutu awo ankamva ngati bangwe wanga ndi wosachunidwa bwino, ndipo ena ankatulutsa mafoni awo kuti akonze nsambo iliyonse mogwirizana ndi piyano. Kukunga kwa kwathu kumagawa mawu asanu ndi awiri motalikirana pafupifupi mofanana, monganso pa valimba, pamene piyano ili ndi mipata ina yaikulu ndi ina yaing'ono. Mtsikana wina anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi nsambo yachitatuyi sinatsike?" Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, ili pamalo pake. Bisani foniyo, mumvere kaye."

Apa ndi pamene ndinaona phindu la kukhalitsa. Ndikanapita kukaimba usiku umodzi pa chikondwerero cha zaluso chimene chinayamba mu 1974 ndipo chimachitika m'tauniyo chaka ndi chaka, anthu akanawomba m'manja nabwerera kwawo makutu awo ali momwe analili. Khutu silisintha tsiku limodzi; limafuna kumva chinthu chomwecho m'mawa ndi madzulo, mlungu ndi mlungu, ngati mwana wophunzira kuyankhula. Mwezi wachiwiri ukutha, mtsikana uja ankatha kusuntha kamtengo pang'ono chabe, namvera, nadziwa yekha kuti nsambo yafika, popanda foni ndiponso popanda kundiyang'ana. M'kuona kwanga, yunivesite imene imaitana waluso kwa masiku owerengeka yagula chionetsero, koma imene imamusunga nyengo yathunthu yamulola kuphunzitsa.

Nanenso anandisintha. Mafunso awo anandikakamiza kufotokoza ndi pakamwa zinthu zimene manja anga ankangozichita kwa zaka zambiri, monga chifukwa chimene timakondera mlombwa posema bangwe, kapena chifukwa chimene timaikira zitsekerero za mabotolo pa chitini kuti mawu azinjenjemera. Mayi wina wachikulire wa chi Xhosa, woimba uhadi, uta wa nsambo imodzi wokhala ndi chikho, ankabwera masana ena, ndipo ngakhale sitinkamvana bwino chiyankhulo, tinkaimba limodzi mpaka otseka zitseko atabwera.

Ndisananyamuke ndinapempha kuti andikoperere nyimbo zimene zinajambulidwa kudera lathu, ndipo anandipatsa mokondwa, popeza ILAM inali itayamba kale ntchito yobwezera nyimbo zotere kwa eni ake. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza zimene zinachitika nditasonkhanitsa akuluakulu a m'mudzi mwathu kuti azimvere, ndi momwe gogo wina anayambira kuyankha nyimbo imodzi isanafike pakati.