Vuto si foni yanu, ndi Kruti Dev

Lero ndaonanso mawu a Chihindi atakopedwa mu fayilo yakale n'kuikidwa pa Facebook, ndipo pamene panayenera kukhala कि patuluka "fd". Anthu athamangira kunena kuti foni ilibe font. Ayi ndithu. Fayiloyo inalembedwa ndi Kruti Dev, font imene imangoveka zilembo za Chilatini nkhope ya Devanagari, zilembo zolembera Chihindi. Mukaivula, pansi pake pali f ndi d basi.

Unicode, dongosolo lopatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake mu kompyuta, siichita zachinyengo zotere. Devanagari ili ndi malo akeake, U+0900 mpaka U+097F, manambala 128 otengera ISCII, dongosolo lakale la zilembo la ku India, ndipo zilembo zimasungidwa mmene zimatchulidwira, osati mmene zimaonekera. Mu कि kachizindikiro ka i kamaoneka kumanzere, komatu mkati mwa kompyuta amayamba ndi क (U+0915), kenako ि (U+093F). Pulogalamu yoyala zilembo, monga HarfBuzz, ndiyo imakasunthira kumanzere. Mukayamba ndi ि, kamaoneka pambali pa kabwalo ka timadontho. Nacho क्ष, chooneka ngati chilembo chimodzi, ndi zitatu: क, virama (U+094D) yochotsa a, ndi ष. 

Ndiye musavutike n'kusintha font, sizithandiza. Fayiloyo isinthidwe kukhala Unicode ndi pulogalamu yodziwa kubweza ि kuti katsatire chilembo chake. Mukatero yang'anitsitsani र wooneka ngati kambedza pamwamba, monga pa म mu धर्म. Kruti Dev imayamba ndi म kenako र ameneyu, Unicode imayamba ndi र, ndipo mapulogalamu osinthira osalongosoka amapunthwa pomwepo.