Tsiku limene amuna anga anafuna chisankho

Kunyumba kwathu wolamula ndine, ndipo mpandowu sindinalande. Tinachita kukhalirana pansi ndi amuna anga, pepala ndi cholembera pa tebulo, n'kulemba zimene amakonda, zimene angayeseko, ndi zimene ndisayerekeze n'komwe. Iwo amasangalala akamagwada, kulamulidwa ndi kumangidwa unyolo. Ine ndimasangalala ndikamalamula. Pagulu ndi bambo aulemu wawo ndipo ndimawatchula kuti "inu". Chitseko chikangotsekedwa amasanduka "iwe", ine n'kukhala "Bwana".

Zolemberana pangano sitinayambe ndife. Wolemba mabuku Leopold von Sacher-Masoch, amene dzina lake linabala mawu oti masochism (kusangalala ndi kumva ululu kapena kulamulidwa), anasainirana ndi mayi wina dzina lake Fanny Pistor mu 1869 kuti iyeyo akhale kapolo wa mayiyo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Lathu lilibe tsiku lothera, koma muli mfundo imodzi imene sindiiseweretsa: mawu oimitsira masewera. Akangowatchula, zonse zimaima pomwepo. Anthu ambiri amabwereka mitundu ya maloboti apamsewu, kufiira kutanthauza kuti basi. Amuna anga, poti nkhani za ndale ndiye kudya kwawo, anasankha mawu oti "chisankho". Ati ndi mawu okhawo amene wolamulira aliyense amatuluka nawo thukuta.

Loweruka lina ndinali woyankhula pa msonkhano wa pa Zoom wa amayi omenyera ufulu, mutu wake amayi ndi utsogoleri. Okonza msonkhanowo anali kudziko lina, ndipo ine mwaukadaulo wanga ndinasokoneza maola. Poona kuti nthawi ilipo yambiri, ndinalamula munthu wanga kuti akhale pansi, ndinamumanga dzanja limodzi ndi unyolo wa loko kumwendo wa tebulo lalikulu la pabalaza, n'kuyamba kumuwerengera milandu ya sabata yonse. Ndili pa mlandu wachitatu, wosiya thaulo lonyowa pabedi, foni inalira.

"Mayi, tonse talowa. Tikudikira inuyo."

Kiyi. Kiyi ali kuti? Ndinapapasa m'matumba, ndinakutumula mapilo, ndinasuzumira pansi pa mpando, ndinakhuthula chikwama chonse pansi. Munatuluka malisiti a chaka chatha ndi ndolo imene ndinaifuna miyezi itatu, koma kiyi ayi.

"Inu, kiyi munamuona?" ndinafunsa, ubwana utathawa kale.

"Ine ndi womangidwa, Bwana. Zosunga makiyi ndi za boma."

Munthu womangidwa sasiyidwa yekha, limenelo ndi lamulo loyamba. Choncho ndinaika laputopu pa tebulo lomwelo, kamera italoza ine ndi khoma basi. Ndinaponya jekete pamwamba pa chovala changa chachikopa, chikwapu ndinachikankhira kuseri kwa mabuku, ndipo iwo anati ndisadandaule, akhala chete ngati mwala. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma tsiku limenelo ndinkadziona wochenjera kuposa akuluakulu.

Ndipotu ndinayamba bwino. Ndinakumbutsa anthu kuti dziko linadikira mpaka 1960 kuti lione nduna yaikulu yachizimayi, Sirimavo Bandaranaike wa ku Ceylon, dziko limene lero limatchedwa Sri Lanka. Ndinatchula malonjezo a pa msonkhano wa dziko lonse wa za amayi wa ku Beijing mu 1995, ndi nyumba ya malamulo ya ku Rwanda mmene amayi amaposa 60 pa aphungu 100 alionse. Kenaka ndinafika pa mfundo imene ndimainyadira. Ndinati vuto si lakuti wina akulamula, vuto ndi wolamula amene sangaimitsidwe. Atsogoleri ambiri amapempha chilolezo kamodzi, ali pamsonkhano wokopa anthu, ndiye akachipeza amachiyesa cha muyaya. Anthu akalira kuti zikupweteka, iwo amati pirirani, n'zokomera inu nomwe. Mitu inkagwedezeka m'timabokosi tonse ta pa sikirini. Ndinamva kukoma.

Pansi pa tebulo panamveka kanong'onong'o.

"Chisankho."

Ndinamva, koma ndinadziuza kuti mwina akungothirira ndemanga. Taonani mmene ulamuliro umagonthetsera makutu! Chiganizo chimodzi chokha nditsirize, ndinatero mumtima, monga amanenera aliyense wofuna kuwonjezera nthawi yake pampando.

"Chisankho!" Ulendo uno mawu anatuluka ndi mphamvu zonse. Mwendo unali utachita dzanzi, kenaka mnofu wa katumba n'kukokana. "Bwana, chisankho! Chisankho!"

Wapampando anasendera pafupi ndi kamera yake. "Zikuoneka kuti pali bambo amene ali ndi funso lokhudza zisankho. Bambo, msonkhano uno ndi wa amayi, komabe funsani mwachidule."

Apa ndiye panalibenso zokambirana. Ndinadzuka kuti ndiwathandize, jekete linakodwa pa mpando n'kutsala pomwepo, ndipo chigongono chinagunda laputopu. Kamera inaweramira pansi mwaulemu n'kuonetsa msonkhano wonse bambo wa imvi zake, atagwira katumba ndi dzanja limodzi, linalo lili pa unyolo. Chikwapu nacho chinagubuduka kuchoka kuseri kwa mabuku kudzagwera pamiyendo pawo, ngati umboni wofika mochedwa kukhoti.

Kunangoti zii. Amuna anga anayang'ana kamera, nakonza kolala.

"Muli bwanji, amayi? Musadere nkhawa, ndinavomera ndekha. Zinalembedwa."

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti amayi ophunzira sangaone mkangano n'kuulambalala. Mayi wina wachikulire anati zimenezi n'kungotengera nkhanza za abambo n'kuziveka siketi, unyolo ndi unyolo ngakhale wagwira kiyi ndi mkazi. Wina wachitsikana anamudula, ati thupi ndi la mwini wake, ndipo nkhondo imeneyi inamenyedwa kale pa msonkhano wa ku Barnard College ku New York mu 1982, pamene amayi ena anaima panja kutsutsa amayi anzawo. Wachitatu, amene ndikuganiza kuti ndi dokotala, anaponyapo yoti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa masewera ogwirizana otere pa mndandanda wa matenda, m'buku lake limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Ine maganizo anga pa nkhaniyi ndili nawo, ndipo mayi wachikulire uja sindimunyoza, chifukwa alipo ambiri amene amabisa nkhanza zenizeni kuseri kwa mawu oti masewera. Kungoti n'kovuta kuyankha mwanzeru uli chogwada, ukusisita katumba wa munthu ndi dzanja limodzi, linalo likufufuza pansi pa kapeti. Inde, wogwada tsopano ndinali ine.

Mkangano uli mkati, mayi wina amene sanayankhulepo chiyambire anatsegula maikolofoni yake.

"Pepani, Mayi. Kakiyi kali pa tcheni cha m'khosi mwanuko si kameneko?"

Ndinagwira pakhosi. Kanali pomwepo. Ndinakavala ndekha masana aja kuti kasasowe, ndipo kanakhala kakunyezimira pamaso pa anthu onsewo nthawi yonse imene ndinkaphunzitsa za atsogoleri osamva.

Ndinatseka laputopu osatsanzika. Manja akunjenjemera ndinalowetsa kiyi, koma ndisanapotokole n'komwe, amuna anga anadina kachitsulo kena kam'mbali ndi chala chachikulu, unyolo n'kutseguka wokha. Maunyolo ambiri amasewera amakhala ndi kotsegulira pangozi. Anagula okha, ndipo ankadziwa.

"Inu! Nthawi yonseyi mukanatha kudzimasula?"

Anatambasula mwendo pang'onopang'ono, akusisita dzanja.

"Simunandilamule, Bwana."