Laimu Wopanda Mchere

Mwana wanga wachisamba atangokwanitsa zaka 11, anabwera pakhonde pomwe ndinkapuma, n'kugwada mwaulemu ngati akudzapempha ndalama ya mayeso. Ndinayamba kale kupapasa m'thumba. Koma nkhani yake inali ina. Anati watopa kugona ndi chimanga.

Sananame mwanayo. Nyumba yomwe timachita lendi ku Area 25 ndi ya mdadada, zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo chipinda chakecho chinalinso nkhokwe ya banja. Munali matumba 6 a chimanga ochokera kumudzi ku Dowa, njinga yomwe ndakhala ndikulonjeza kuti ndikonzetsa kuyambira 2019, mbaula yobooka, zigubu za madzi, kenako kabedi kake kali phee pakona ngati ndiko kalendo. Usiku anankafumbwe ankamveka akukukuta m'matumbamo, mwana n'kumagona ndi nyimbo yawoyo.

"Adadi, taonani," anatero akundipatsa foni ya amayi ake. Pachithunzipo panali chipinda cha mtsikana wina wa kunja uko, kumene chimanga sichigona m'nyumba. Khoma la pinki, katani wofewa, shelefu yoyera yodzaza mabuku, timagetsi tolendewera ngati pa ukwati.

Mayi akunyumba anati tidikire kutha kwa mwezi tiitane wopenta. Ine ndinadziguguda pachifuwa. Wopenta wa chiyani? Kupenta si kungopaka? Munthu amene ndinakulira kumudzi, ndinaonerera agogo anga akuzira nyumba chaka ndi chaka, ndikalipire mwamuna mnzanga kuti agwedeze burashi m'nyumba mwanga? Ndinalengeza kuti K40,000 ikwanira zonse, chenji ndibwera nayo.

"Chabwino, bambo," anatero mayiwo, mwa mawu aja amene mwamuna wanzeru amayenera kuwaopa.

Loweruka m'mawa ndinali pa Malangalanga, ndikulowa sitolo ya hadiweya iyi n'kutulukira iyo. Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo amenewa imafunika kuimva utakhala pansi. Mtengo wa ndowa ya penti womwe ananditchulira unkaposa zonse zomwe zinali m'thumba mwanga, kuphatikizapo ya minibasi yobwerera. Ndinanamizira kuti foni ikulira n'kutuluka.

Nzeru inandipeza panja pomwepo. Pinki n'chiyani? Si zoyera zosakaniza ndi zofiira? Zoyera zotchipa zilipo, laimu. Zofiira zotchipa ziliponso, okusaidi uja amathira mu simenti pomanga pansi pa nyumba kuti pazifiira akapaka Cobra. Ndinadzimva ngati ndatulukira chinthu choti anthu a ku yunivesite adzabwere kudzandifunsa. Ndinabwerera m'sitolo, n'kugula thumba la laimu ndi paketi ya okusaidi. Burashi ndinaisiya, kunyumba kuli tsache.

Kamnyamata konditengera katundu kanati, "Akulu, posakaniza muthiremo mchere, ndipo muusiye ugone usiku umodzi."

Ndinaseka. "Mchere? Ndakuuza kuti ndikukaphika ndiwo?"

Kanangokweza mapewa n'kumapita.

Kuchoka apo ndinatsikira ku msika wa Tsoka, kukasaka katani pa kaunjika. Akuti tsoka silinunkha, koma ine ndinalilowera ndi miyendo yanga, dzina lili poyera. Nditavundukula milu itatu ndinapeza katani wa pinki weniweni, wowala, wa mphete zake kale, pamtengo wabwino zedi. Wogulitsayo anandiyamikira kuti ndili ndi diso. Zoti ndi wa pulasitiki, wotchingira kubafa, ndipo m'munsi mwake muli abakha achikasu akusambira, ndinaziona nditafika kunyumba. Ndinamuuza mwana kuti ubwino wake mvula ikamawomba pazenera sanyowa.

Kutulutsa katundu kunatidyera masana onse. Matumba 6 aja anasamukira pabalaza, kuseri kwa sofa, komwe mpaka lero alendo amakhala moyang'anizana nawo. Pomwe ndinkathira laimu m'ndowa n'kuti dzuwa likulowa, ndipo magetsi, monga mwa mwambo wake, anazima. Mayi akunyumba anati ntchito ichitike mawa tikaweruka ku tchalitchi. Ine ndinati mwamuna sasiya ntchito panjira. Ndinampatsa mlongo wake wa mtsikanayo, mnyamata wa zaka 6, foni kuti aziunikira.

Pali chinthu chimodzi chokhudza laimu chomwe ndikuchidziwa bwino tsopano. Akakhala wamadzi amaoneka ngati palibe chomwe wapaka, khoma lakale limaonekera ndithu. Mtundu wake weniweni umatuluka akauma. Tsiku limenelo sindinkadziwa. Ndinathira okusaidi pang'ono, ndinapaka, khoma likadali lobiriwira ngati kale. Ndinawonjezera. Chimodzimodzi. Ndinapsa mtima, ndinakhuthulira paketi yonse m'ndowamo, ndipo poona kuti mtengo wotakasira ukuchedwetsa, ndinapisamo mkono mpaka m'chigongono.

Kenako tsache. Tsache silipaka, limawaza. Ndikati kumanja, madontho kudenga. Ndikati kumanzere, madontho pachitseko. Wounikira wanga naye ankaunikira komwe akufuna iye, nthawi zambiri buluzi yemwe anali pamtanda. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinamaliza makoma onse anayi, manja akunyerenyetsa modabwitsa, koma mtima uli m'malo.

Kutacha ndinadzutsidwa ndi kukuwa.

Ndinathamanga, chitenje cha mayi m'chiuno. Mtsikana anali pakhomo la chipinda chake, manja kukamwa. Ndinasuzumira. Abale anga, munaonapo pamalo pomwe aphera mbuzi ya Khrisimasi? Ndiye mbuziyo ikhale kuti inapulumuka mpeni uli pakhosi, n'kuzungulira chipinda chonse katatu. Mizere yofiira inkatsetsereka kuchokera kudenga. Pomwe panauma panali ngati dothi la katondo la m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Pafupi ndi switchi panali chidindo cha dzanja langa, zala zisanu zonse, pomwe ndinatsamira mumdima.

"Adadi," mwana anafunsa motsitsa mawu, "pinki ali kuti?"

"Akubwera. Sanaume."

Kamnyamata kanga kounikira kaja kanalowa, kanayang'ana uku ndi uku, n'kunena mosangalala kuti tsopano tili ndi butchala yathuyathu.

Manja anga nawo anali ndi nkhani yawo. Laimu amawotcha khungu, ndipo anandiwotchadi. Zala zinathetheka ngati mapazi a m'chilimwe, zofiira mpaka m'chigongono, moti ku tchalitchi tsiku limenelo ndinapereka moni wa mutu wokha. Mkulu wa mpingo wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Titaweruka ndinasakaniza laimu wotsala, woyera yekha, n'kupakanso pamwamba. Apa ndiye zinayamba kuoneka. Atauma, khoma linasanduka pinki ndithu, ngakhale anali pinki wa mawangamawanga ngati mimba ya nkhumba. Mwana anapendeketsa mutu, nati ukatsinzina pang'ono zikufanana ndi pachithunzi paja. Ndinayenda m'nyumbamo ngati tambala. Ndinawaitana mayi akunyumba kuti adzaone ntchito ya K40,000, chenji ikadalipo. Anabwera, anatsamira khoma atapinda manja, anayang'ana, osanena kanthu.

Lolemba mwana anavala yunifolomu yake yomwe inagona pamsomali kukhoma. Kutsogolo inali yunifolomu ya sukulu yawo. Kumbuyo inali ya sukulu ina. Laimu uja sanagwire, ankangoyoyoka ngati ufa woyera pa chigayo. Ukangokhudza, pinki. Neti ya udzudzu, pinki. Chikwama cha mabuku, pinki. Mphaka wa aneba yemwe amakonda kudzikhula pamakoma anatuluka m'menemo ngati wapita ku saluni. Mwana anabwerako ku sukulu akulira kuti anzake a Sitandade 6 amutcha dzina loti Chiponde cha Sitiroberi.

Koma mlandu waukulu unali wa bulauzi. Tsiku la msonkhano wa amayi a Chigwirizano, mayi akunyumba anavala bulauzi yawo yoyera, yochapa ndi kusita bwino, n'kulowa m'chipindamo kukatenga ambulera. Chipinda n'chopanikiza, anadutsa chokhula khoma. Palibe anaona. Anayenda choncho mpaka ku tchalitchi, anakhala kutsogolo, anaimirira kutsogolera nyimbo, msana wonse uli ngati maluwa a pa keke. Akuti amayi atatu anawathamangira n'kuyamba kuwaphumphutha ngati akuzimitsa moto.

Atabwerako sanakalipe. Anakhala pasofa, pafupi ndi chimanga, n'kufunsa modekha.

"Bambo, kusitolo kuja sanakuuzeni kalikonse?"

"Anangotchula za mchere."

"Ndiye munathira?"

"Ndinkayesa akuseka."

"Safunsa anadya phula," anatero. "Koma inu munachita kuuzidwa, n'kudyabe."

Munthu wina akanalekera pomwepo. Ine ndinaona kuti ulemu wanga ungabwerere ndi shelefu. Ndinagula thabwa kwa kalipentala wa pamsika wa Nsungwi, ndi misomali ya mainchesi 6, ija yokhomera denga, poganiza kuti mabuku a Sitandade 8 akadzabwera shelefu idzakhale yokonzeka. Hamala ndinalibe, ndinatenga nkhwangwa kuti ndikhomere kumsana kwake.

Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa pang'ono n'kuima. Ndinalavulira m'manja, ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndinamenya ndi mphamvu zonse za munthu amene banja lake lasiya kumukhulupirira.

Msomali unalowa. Njerwa inalowa nawo.

Khoma lolekanitsa ife ndi aneba, ndinazindikira nthawi yomweyo, ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali, yomangira matope, pulasitala wa simenti wongonamizira pamwamba. Njerwa ija inatulukira mbali inayo. Kunamveka phokoso la mbale, kenako la makapu, kenako chivindikiro cha poto chikuzungulira pansi kwa nthawi yaitali kwambiri, ngati chikufuna aliyense m'mdadadamo amve. Wailesi yomwe inkaulutsa mpira wa Bullets ndi Wanderers inangoti zii.

Ndinaima, nkhwangwa m'manja, manja ofiira, m'chipinda chomwe pansi pake pankaonekerabe madontho a butchala ija. Pabowopo panatulukira diso. Linayang'ana ine, linayang'ana nkhwangwa, linayang'ana makoma.

"Aneba," linatero disolo, "mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu aneba?"

"Ife tinaswera bwino. Mpaka posachedwapa."

Alandilodi anafika m'mawa mwake, atamva kale nkhani yonse kwa anthu osachepera asanu, ndipo m'nkhani za ena mwa iwo munali mtembo. Anayendera chipindacho manja kumbuyo ngati wapolisi. Anapaka chala pakhoma, anachiyang'ana, anachipukutira pa thalauza, thalauza n'kukhala pinki. Chigamulo chinali chakuti ndiitane mmisiri atseke bowo ndi simenti, ndibweze mbale 4 ndi makapu 3 a aneba, ndipo khoma libwerere kukhala la nyumba ya anthu. Wopenta yemwe ndinkamukana uja anabwera kudzaona. Anati penti sangagwire pa laimu woyoyoka, ayenera kuyamba wapala makoma onse ndi kuwatsuka, ndipo kupalako kuli ndi mtengo wakewake. Anafunsa kuti anapaka ndani. Ndinati mnyamata wina wake wa ganyu, anathawa.

"Amenewo ndi ofunika kuwamanga," anatero.

"Kwambiri," anavomera mayi akunyumba.

Zonsezi zinayenera kudikira malipiro a kutha kwa mwezi, masabata awiri. M'masabata amenewo ine ndinaletsedwa kugwira chida chilichonse, ngakhale supuni yaikulu. Mayi ndi mwana wawo anatenga chenji yanga ija n'kuyamba kukonza okha. Anapempha makatoni atatu ku golosale, anawakuta ndi chitenje chakale, limodzi la nsapato, lina la mabuku, lina la tinthu tija ta atsikana tomwe bambo safunsa. Anakoka bedi kulichotsa kukhoma. Nsungwi imodzi anaimangirira ku mitanda ya denga ndi chingwe, zovala zonse n'kulendewera pamenepo osakhudza pinki wanga. Ulusi wa thumba la chimanga anaukoka kuchoka pazenera kufika pachitseko, n'kupanikizapo zithunzi ndi zojambula za mwanayo ndi mapegi ochapira. Dengu laling'ono linasanduka mosungira zovala zakuda. Sanakhome msomali ngakhale umodzi. Katani wa abakha yekha ndi amene anapulumuka pa zonse zomwe ndinagula, chifukwa mwanayo anati abakhawo amuzolowera.

Bowo lija analitseka ndi kalendala ya chaka chatha.

Madzulo ena ndikudutsa pakhomo la chipindacho, mwana ali pabedi akulemba homuweki, ndinaona kalendala ikugwedezeka. Inatukuka pang'onopang'ono, pansi pake n'kutuluka dzanja la mayi a kwa aneba, litagwira kasosala.

"Mwanawe, tauza amayi ako andigawireko kamchere, ndiwo zili pamoto."

Mwanayo sanadzutse n'komwe mutu pa kope lake.

"Dikirani ndikatenge," anatero. "Ulipo wambiri. Adadi sagwiritsa ntchito."